Buku la Rachel McMillan landikumbutsa lamulo la mathalauza

Abale ndi alongo okonda nkhani zofufuza ambanda, pezani buku la Rachel McMillan lotchedwa The Bachelor Girl's Guide to Murder, lomwe lidatuluka mu 2016. Nkhani yake ikuchitikira mumzinda wathu uno wa Toronto m'chaka cha 1910. Atsikana awiri okhala nyumba imodzi, Merinda Herringford ndi Jem Watts, atengeka ndi nkhani za Sherlock Holmes ndipo ayamba kufufuza okha imfa za atsikana ochokera ku Ireland. Si apolisi, ntchitoyi sadaiphunzire. Kuti ayende usiku osavutitsidwa amavala zachimuna.

Kumbali ya kusaka chigawenga, bukuli ndi lopepuka. Chikondi cha Jem ndi mtolankhani Ray DeLuca chadya masamba ambiri, moti pena mumaiwala kuti pali maliro. Chomwe ndikulilimbikitsira n'china: gulu loona za makhalidwe lomwe limalonda amayi mumsewu pomwe atsikana obwera akufa. Mlembi wakokomezako, koma nthambi yotere idalikodi kupolisi ya Toronto kuyambira mu 1886, meya ali William Howland.

Mmalawi sangawerenge zimenezi osagwedeza mutu. Lamulo la kavalidwe la 1973, m'nthawi ya Kamuzu, linkaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi. Lamulolo lidatha pamene ndale za matipate ambiri zinkabwera, koma mtima wake sudathe. Mu Januwale 2012 mavenda ena adavula amayi ovala mathalauza ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mpaka amayi adasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazo, Mayi Joyce Banda ali pomwepo. Nako kuno tisanamizane kuti zidapita ndi 1910. Mu 2011 wapolisi wina adauza ophunzira a York University kuti amayi asamale kavalidwe ngati safuna kuchitidwa chipongwe, ndipo zionetsero za SlutWalk zidabadwira pamenepo.

Dandaulo langa ndi lakuti atsikana ophedwawo sitiwamva mokwanira. Merinda ndi Jem akavula zipewa amabwerera kunyumba yofunda. Mtsikana wobwera alibe kothawira, monga mlongo wathu wa lero wosamalira okalamba ku Scarborough amene amaopa kudandaula poti chiphaso chake cha ntchito chili m'manja mwa bwana mmodzi. Ameneyu ndiye ndikadakonda kuti afotokoze nkhaniyi.

Dera la The Ward, komwe obwera osauka ankathithikana nthawi imeneyo, adaligumula. Mbali ina ya malowo ndi pomwe pali Nathan Phillips Square lero.