AGULA MPIKISANO WA MITHUTHUTHU, KOMA ATISIYIRE UTSI WAKE

Abale anzanga, tsiku lina Lamulungu ndinatsala pang'ono kutulutsidwa m'bala ina ya m'tauni muno ngati galu woba nyama. Mlandu wanga? Ndinapempha mnyamata wogulitsa mowa kuti asinthe kanema kwa mphindi 45 zokha, tione mpikisano wa njinga zamoto uja amati MotoGP. Eee, anthu a mpira anandidzukira onse.

"Madala, mithuthuthu kaonereni pa siteji ya kabaza, kuno ndi kwa Arsenal," anatero mkulu wina botolo lili m'manja.

Mwamwayi mpira unali usanayambe, ndiye anandilola monyinyirika. Sipanathe mphindi khumi, mkulu yemwe uja anali ataimirira, manja kumutu, akukuwa kuti: "Agwatu uyu! Chigongono chikukhula tala!" Mpira utayamba iye ndiye anali patsogolo kukana kuti asinthe.

Ndiye vuto la masewerawa ndi limenelo. Munthu akangoona kamodzi amakodwa, koma oti amuonetse kamodziko palibe. Mabwana a kampani ya ku America yotchedwa Liberty Media anaona zomwezo. Mu Epulo 2024 analengeza kuti akugula Dorna, kampani ya ku Spain imene yakhala ikuyendetsa MotoGP kuyambira m'ma 1992, pa mtengo wa mayuro 4.2 biliyoni, ndipo malondawo anatheka mu Julaye 2025. Awa ndi omwe aja anagula Formula One mu 2017, nkuiika pa Netflix mu 2019, mpaka atsikana amene sadziwa kumene kumakhala injini ya galimoto anayamba kuloweza maina a madalaivala.

Ine sindidana ndi ndalama, musandimve molakwa. Komanso sindili ngati madala ena amene amafuna kuti chinthu chokoma chikhale cha iwo okha ndi anzawo atatu. Koma ndinaona zimene zinachitika ku Las Vegas mu 2023. Matikiti okwera mtengo ngati nyumba, magetsi ngwee, oimba mbwee, koma tsiku loyamba kuyeserera kunaima patangotha mphindi zosakwana khumi chifukwa chivundikiro cha ngalande chinazuka nkuphwanya Ferrari ya Carlos Sainz. Max Verstappen mwini wake ananena poyera kuti zimenezo zinali chionetsero 99 peresenti, masewero 1 peresenti. Ngati mphika wa MotoGP uphikidwe ndi mthiko womwewo, tiyenera kufunsa.

Kunena zoona, kuthamangitsa anthu oonera kunayamba Amereka asanafike. Mu 2023 Dorna inayambitsa kampikisano kakafupi ka Loweruka, theka la mtunda wa Lamulungu, wopambana nkulandira mapointi 12. Ati kuti anthu azidzaza bwalo masiku awiri. Anadzazadi. Koma taonani mbali inayo. Mu 2025 kunali malo 22, kutanthauza kuti anyamatawa ananyamuka pa mzere ka 44, ndipo ngozi zambiri zimachitika pamene njinga zoposa 20 zikulimbirana kona yoyamba. Kampikisano koyamba keniko, ku Portimão, Enea Bastianini anagwetsedwa nkuthyoka fupa la paphewa. Kwa woonera ndi kusangalala kawiri, kwa mayi wake wa mwanayo ndi kusala kudya kawiri.

Ndipo mu 2024 Francesco Bagnaia anapambana mipikisano 11 ya Lamulungu, Jorge Martín anapambana itatu yokha, koma chikho chinapita kwa Martín. Inde, Martín sankagwaigwa ngati mnzakeyo, ndipo malamulo anali amodzi kwa onse. Komabe kuti mufotokozere munthu watsopano, ngati mkulu wa Arsenal uja, kuti wopambana 11 wagonja kwa wopambana katatu, mowa umatha m'botolo asanamvetse.

Tsono "chenicheni" cha masewerawa nchiyani? Anthu ambiri akafunsidwa amaloza ku Isle of Man, kachilumba ka pakati pa England ndi Ireland. Kumeneko mpikisano wa TT unayamba mu 1907, ndipo amathamanga m'misewu wamba, mtunda wa makilomita 60 kuzungulira kamodzi, kudutsa pakhomo pa tchalitchi, pa sitolo, pa mipanda ya miyala. Mu 2023 Peter Hickman anazungulira pa liwiro la makilomita 219 pa ola, kuwerengera ndi makona omwe. Anthu amakhala pa udzu m'mbali mwa msewu, malo ambiri osalipira kanthu, njinga nkumadutsa pafupi moti chipewa chimauluka.

Kumeneko kunali Joey Dunlop wa ku Ballymoney, Northern Ireland, amene anapambana ka 26. Munthu wosakonda zoyankhula, woyendetsa kabala kake, wokonza yekha injini manja ali bii ndi girizi. Nyengo ya mipikisano ikatha ankadzaza galimoto yake ndi zakudya ndi zovala nkuyendetsa yekha mpaka ku Romania kukapatsa ana amasiye, popanda kuitana atolankhani. Munthu ngati ameneyu simungamupange mu ofesi ya otsatsa malonda.

Koma nkhani yake ili ndi mchira wowawa. Joey anafera pa njinga ku Tallinn, Estonia, mu 2000. Mng'ono wake Robert anafa mu 2008 poyeserera mpikisano wa North West 200, ndipo patangopita masiku awiri mwana wa Robert, Michael, anakwera njinga nkupambana, maliro a bambo ake asanaikidwe. Mkulu wake wa Michael, William, naye anafa mu 2018. Michael yemweyo ndiye anadzaposa chiwerengero cha Joey mu 2024. Banja limodzi, manda atatu. Pa msewu wa TT pafera othamanga oposa 260.

Ndiye amene amati chenicheni ndi imfa, ine ndimawakanira. Giacomo Agostini, katswiri wa ku Italy, anakana kubwererako mnzake Gilberto Parlotti atafa mu 1972, ndipo itatha 1976 TT inachotsedwa pa mipikisano ya chikho cha dziko lonse. Kodi Agostini anali wamantha? Munthu wa zikho 15? Ayi ndithu. Masiku ano anyamata amavala zikopa zokhala ndi thumba la mpweya lofufuma akamagwa, amatsetsereka pa liwiro loopsa nkudzuka kumakasaka njinga yawo. Marc Márquez anathyoka mkono ku Jerez mu 2020, anamung'amba kanayi, koma mu 2025 anatenganso chikho, mng'ono wake Álex ali pambuyo pake. Nkhani imeneyo sifuna zokometsera.

Chimene ine ndingapemphe mabwana atsopanowa nchapafupi. Choyamba asiye kupanga njinga zooneka ngati ndege. Timapiko tija ndi tizipangizo totsitsa njinga pansi zachititsa kuti kupitirira mnzako kuzivuta, pamene chimene chinaimitsa mkulu wa m'bala uja ndi kupitirirana komweko. Malamulo a 2027 akuti injini zitsike kuchoka pa 1000cc kufika 850cc ndipo tizipangizo totsitsa tiletsedwe. Apo ndaomba m'manja.

Kwinako nkwa ife a kuno. Ngati akufunadi anthu atsopano, bwanji akudumpha Africa? Anapita ku India mu 2023, chaka chotsatira osabwererako. Kazakhstan anailengeza kawiri, njinga osaponda. Spain yokha inali ndi mipikisano inayi mu 2025. Koma kuno mpikisano womaliza unachitika mu 2004 ku Welkom, South Africa, tsiku lija Valentino Rossi anagonjetsa Max Biaggi atangosamukira ku Yamaha, nkutsika, kukhala pansi pambali pa njinga yake. Ndipotu chigawo chino chili ndi mbiri: Gary Hocking wokulira ku Bulawayo anatenga zikho ziwiri mu 1961, Jim Redman anatenga zisanu ndi chimodzi akuimira Rhodesia, Kork Ballington zinayi. Brad Binder wa ku South Africa anapambana ku Brno mu 2020, ndipo mu 2023 ku Mugello anathamanga makilomita 366 pa ola. Mwana ameneyu sanathamangepo MotoGP pamaso pa anthu akwawo.

Potuluka m'bala muja ndinakwera kabaza. Mnyamatayo nayenso anali akuonera pawindo, ndipo pa kona yoyamba ndinamva njinga ikupendekeka moposa muyeso.

"Achimwene," ndinatero, "aja avala zikopa ndi helemeti, ndipo ambulansi ili pompo. Ine ndavala jekete la pa kaunjika."

Anaseka nkuchepetsa moto, kenaka anandifunsa kuti mpikisano wina uliko liti.