Mlandu wa Ukraine Aukamba Mwini Wace Palibe

Pa 15 August 1976 panalibe munthu wodziwa dzina la Unit N, pakuti mzinda wa Chitungwiza unakhazikitsidwa m'1978. Koma nkhalamba za kumeneko, zimene zina zinacokera ku Nyasaland kudzafuna nchito ku Salisbury, zikumbukira bwino za caka cija. Cinakumbutsa nkhalambazi ndi msonkhano wa pa 15 August 2025, pamene Bwana Trump wa America ndi Bwana Putin wa Russia anakomana ku Alaska kukamba za nkhondo ya ku Ukraine, Bwana Zelensky, mtsogoleri wa dziko limene likuphwanyidwalo, asanaitanidwe.

Zotere zinacitikapo kuno. M'1975 asilikari a Cuba analowa m'Angola, ndipo Boma la America linaopa kuti Soviet Union, imene inali kupatsa mfuti ankhondo a Bwana Nkomo, idzafika ndi ku Rhodesia komwe. Cifukwa cace Bwana Kissinger anadza ku Pretoria, nakomana ndi Bwana Smith pa 19 September 1976, Bwana Vorster ali pomwepo. Pa 24 September Bwana Smith analankhula pa wailesi kuti wabvomera ulamuliro wa anthu ambiri pasanathe zaka 2. Ambiri m'malokeshoni anayesa kuti nkhondo yatha.

Sinathe ai. M'cipinda ca ku Pretoria munalibe Bwana Nkomo kapena Bwana Mugabe, ndipo pangano lija linasiya nduna yoyang'anira asilikari ndi ya apolisi m'manja mwa Azungu pa nthawi yoyembekeza ufulu. Munthu amene ana ace ali m'thengo ndi mfuti angabvomere bwanji kuti makiyi a nyumba ya zida akhale kwa mdani wace? Msonkhano wa ku Geneva unatsegulidwa pa 28 October, Bwana Ivor Richard ali wa pampando, ndipo unabalalika mwezi wa December wopanda kanthu. Bwana Smith anati iye anadza kudzatsimikiza zimene anapangana ndi Bwana Kissinger basi. Atsogoleri a Patriotic Front anati iwo sanapangane ndi munthu. Onse awiri ananena zoona, ndipo bvuto linali lomwelo. Nkhondo inapitirira zaka zina 3, ndipo zinali zaka zowawa koposa zonse. Mfuti zinaleka pokhapo pamene eni ace a nkhondoyo anakhala okha pa gome ku Lancaster House, kucokera mwezi wa September kufikira pa 21 December 1979, akukangana mau ndi mau pamaso pa Lord Carrington.

Alipo amene anena kuti popanda akulu palibe cimene cingatheke, ndipo m'mau aowo muli nzeru. Bwana Smith sakadagonja kwa munthu wina koma kwa Bwana Vorster, amene njanji zace zinali kubweretsa mafuta ndi zipolopolo. Ku Lancaster House komwe Bwana Machel anakakamiza Bwana Mugabe kuti asacoke pa gome. Nchito ya akulu ndiyo imeneyo, kukoka anthu ao kuti afike pa bwalo ndi kuwaletsa kuthawa. Koma kugamula mlandu okha ndi kutumiza mau ace kwa eni, mfumu ya m'mudzi yomwe sicita.

Wina angafunse kuti nkhani ya kutali cotere ikhudza bwanji mai wogula buledi ku masitolo a ku Makoni. Nkhondoyo itayamba mu February 2022, mtengo wa tirigu, mafuta ophikira ndi fetereza unakwera, pakuti Russia ndi Ukraine agulitsa zinthu zimenezi ku maiko ambiri. Kampani ya ku Russia inapatsa Malawi matani 20,000 a fetereza m'2023, ndipo m'2024 Zimbabwe inalandira fetereza ndi tirigu wa mphatso. Mphatso ndi yabwino, koma ithera m'dzinja limodzi. Pangano lotulutsa tirigu pa Black Sea, limene Russia ndi Ukraine onse anasaina ku Istanbul mu July 2022, linatsitsako mitengo kwa caka cathunthu, kufikira Russia anacokamo mu July 2023.