Ogulitsa malaputopu otchipa azinena zoona

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za malonda a timalaputopu totchipa tomwe tadzaza m'mashopu a m'tauni, makamaka tija amatitcha "ex-UK". Katundu wotchipa sindidana naye. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mphunzitsi ngati ine laputopu yatsopano ya mphamvu zake amangoyionera pagalasi la shopu. Chikundiwawa n'choti ogulitsa ena sanena zoona pa zomwe zili m'kati mwa makinawa, ndipo akangolandira ndalama amakuiwala nkhope.

Laputopu yanga yakale, yomwe ndinkalembera mayeso a ana, masikimu ndi mabuku a gulu lathu la banki m'khonde, idazima osayakanso. Wokonza adati bolodi lake lalikulu lapsa, ndipo mtengo wolisintha sunkasiyana ndi wogula ina. Teremu inali pakati, mayeso ali pafupi. Ndidakatenga ngongole kugulu n'kupita m'shopu ina ku Limbe, komwe mnyamata wogulitsa adanditulutsira kalaputopu kopepuka, kowala ngati katsopano. Adati: "Bwana, aka ndi Windows 11, kali ndi SSD, batire ndi tsiku lonse. Mukachedwa mukapeza katapita." Adakayatsa, kadayaka, adandionetsa chithunzi cha Windows 11, ndidalipira.

Zomwe mnyamatayo sadanene ndi izi. Kampani ya Microsoft imanena poyera kuti Windows 11 imafuna kompyuta ya RAM yosachepera 4GB, malo osungira zinthu osachepera 64GB, komanso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Kanga kali ndi RAM ya 2GB ndi malo a 32GB basi. Ndiye kuti wina adachita kuikakamiza Windows 11 kulowamo mozemba malire amenewo, zomwe anyamata odziwa makompyuta amachita mosavuta, ndipo Microsoft idachenjeza kale kuti makina otero sakulonjezedwa kulandira zokonza za chitetezo. Pa 32GB imeneyo Windows yokha idadya gawo lalikulu. Nditaika pulogalamu yolembera ndi mafayilo a sukulu, kamzere ka diski kadafiira, ndipo nthawi iliyonse ikafuna kudzikonza imangoti malo palibe. Bandulo yanga idathera pa kukopera zinthu zomwe zimakanika kulowa.

Nanga SSD ija? Wokonza wanga atatsegula kumbuyo adaseka. Mulibe SSD. Muli kachipu ka eMMC, mtundu womwe umapezeka m'mafoni otchipa, ndipo n'kowotcherera pabolodi. RAM nayo n'njowotcherera. Simungachotse, simungawonjezere. Laputopu yakale yabwino, ngakhale ya zaka zisanu ndi zitatu, umatha kuigulira RAM ina kapena SSD ukapeza ndalama, n'kuyambanso kuthamanga. Aka momwe kadabadwira ndi momwe kadzafere. Kusiyana kumeneku ndi kumene wogula amafunika kuuzidwa asanatulutse ndalama, ndipo ndi kumene ogulitsa amakubisa ndi mawu atatu aja okoma.

Batire ya tsiku lonse ija sifika ola. Magetsi akazima madzulo, ntchito yaima. Ndipo pali china choseketsa koma chotopetsa: kiyibodi yake ndi ya ku Germany, komwe Y ndi Z zidasinthana malo. Ine ndimalemba moyang'ana mabatani, ndiye ndikati ndilembe "zoyenera" pamatuluka "yozenera". M'Chichewa zilembo ziwirizi zili paliponse, mutha kuona momwe malipoti a gulu amatulukira. Katundu wa "ex-UK" wokhala ndi kiyibodi ya Chijeremani, a Mkonzi, adadzera njira iti?

Si ine ndekha. Mnzanga wina pasukulu pathu adagulira mwana wake wa ku koleji kalaputopu kotere, osauzidwa kuti ndi Chromebook. Chromebook siyendera Windows koma ChromeOS ya Google, yomwe ntchito zake zambiri zimadalira intaneti, ndipo pulogalamu ya SPSS yomwe mwanayo amafunika pa kafukufuku wake siingalowemo. Choipitsitsa, makinawo adali akadali omangidwa ku akaunti ya sukulu ina yakunja komwe adachokera. Ngakhale uwafufute bwanji, akangolumikizana ndi intaneti amafunsanso imelo ya sukulu imeneyo, ndipo amene angawamasule ndi eni ake okha. Chromebook iliyonse ilinso ndi tsiku lomwe Google imasiya kuitumizira zokonza, ndipo zambiri zakale tsikulo lidadutsa. Mwanayo pano akubwereka ya anzake usiku, eni ake akagona.

Ndikuopa kuti vutoli likula. Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Makampani ndi masukulu a ku Ulaya ndi ku America akuchotsa makina omwe sangakwanitse Windows 11, ndipo tonse tikudziwa komwe katundu wotayidwa kumeneko amathera. Ena mwa makinawa ndi abwino ndithu. ThinkPad kapena Latitude yakale ya muofesi, yokhala ndi Core i5 ndi RAM ya 8GB, imaposa kutali timakina tonyezimira ta Celeron iti, ngakhale ikhale yolemera ndi yokandikakandika. Koma pashelefu zonse zimaikidwa pamodzi, mtengo n'kumayendera kuwala kwa chivindikiro.

Nditabwerera nako kushopu, mwini wake sadakayatse n'komwe. Adangondilozera chikwangwani chili pamwamba pa kauntala chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, n'kuti: "Akulu, munakaona nokha kakuyaka." Lisiti lomwe adandipatsa lidangolembedwa "laptop 1" ndi mtengo. Palibe dzina la makina, palibe nambala yake, palibe masiku a chitsimikizo. Ndi pepala lotero ungakasume chiyani, kuti?

Apa m'pamene ndikufunsa a Competition and Fair Trading Commission (CFTC). Bungweli lakhala likunena m'manyuzipepala ndi pawailesi kuti zikwangwani zokana kubweza katundu wowonongeka n'zosemphana ndi malamulo, komanso kuti kunamiza wogula pa za katundu ndi mlandu. Nanga bwanji zikwangwanizi zikadali lendelende m'mashopu a zamagetsi? A bungwe loimira ogula la CAMA nawo timawamva akulankhula mwamphamvu za shuga, mafuta ophikira ndi mafuta a galimoto, ndipo timawathokoza. Koma mphunzitsi, wophunzira wa ku koleji ndi mayi wa bizinesi yotayipa ndi kufotokopa akabedwa pa kompyuta, ndalama zomwe zimapita ndi za miyezi ingapo, nthawi zambiri zangongole. Ine ngongole ya kugulu ndikubwezabe, ndi chiwongola dzanja chake.

Kwa anzanga omwe laputopu yawafera ndipo akuthamangira yotchipa, musatuluke m'shopu musanatsegule Settings, kenako System, kenako About, kuti muone nokha purosesa ndi RAM. Tsegulani This PC muone kukula kwa diski. Ikakhala 32GB, isiyeni. Za batire musamve za pakamwa: mu Command Prompt lembani powercfg /batteryreport, kompyuta idzatulutsa lipoti loonetsa mphamvu yomwe batire idali nayo ili yatsopano ndi yomwe yatsala. Wogulitsa akayamba kukuthamangitsani kuti pali makasitomala ena, dziwani kuti pali chomwe sakufuna muone.

Kanga pano kakugwirako ntchito chifukwa mwana wa mchemwali wanga adachotsamo Windows n'kuikamo Lubuntu, mtundu wopepuka wa Linux womwe ndi waulere, pamodzi ndi LibreOffice yolembera. Mayeso ndikulemba, bola ndisatsegule zinthu zambiri nthawi imodzi komanso chaja isachoke kukhoma. Akadandiuza kuti ndi kamakina kongolembera basi, mwina ndikadagulabe, koma pa mtengo wa kamakina kongolembera.

Pempho langa n'loti a CFTC ayendere mashopu a makompyuta ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ali ndi munthu wodziwa kutsegula makinawa, achotsetse zikwangwani zija, ndipo alamule kuti lisiti lililonse la kompyuta lizilembedwa dzina ndi nambala ya makina, purosesa, RAM, mtundu ndi kukula kwa diski, ngati ndi yatsopano kapena yogwiritsidwa kale ntchito, ndi masiku omwe wogula angaibweze ikapezeka ndi vuto.

Mphunzitsi wodandaula,
Bangwe, Blantyre