ZA UMOYO M'MUDZI: Ziwalo Zikamafooka, Mutu Ukamaiwala

Abale a ku Machinga ndi ku Balaka, sabata ino tikambe za nthenda ya mitsempha ya ubongo ndi msana imene madokotala amaitcha multiple sclerosis. Dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, ndiye anaifotokoza bwino m'chaka cha 1868. Imachuluka ku maiko ozizira monga Scotland ndi Canada. Kuno kwathu sioneka kawirikawiri, koma zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda ena amene ali m'midzi mwathu. Chifukwa chake nkwabwino kuzidziwa.

Mitsempha yonyamula mauthenga a ubongo ndi yokutidwa monga mtengo ndi khungwa lake. Pa nthenda iyi thupi limawononga lokha khungwalo, ndipo mauthenga safika bwino. Munthu amamva dzanzi m'miyendo, diso limodzi limachita mdima, amadzandira ngati woledzera, amatopa asanagwire khasu. Zimaleka, patapita miyezi nkubweranso. Kawirikawiri imayamba pakati pa zaka 20 ndi 40, makamaka kwa akazi. Sipatsirana.

Chowawa koposa ndi kuiwala. Mayi athira mchere kawiri m'ndiwo. Bambo asokoneza ndalama za thonje pamsika. Pamenepo ena amati ndi ulesi, ena amati walodzedwa, nayamba kuloza chala agogo a m'mudzi. Kutero nkulakwa. Lamulo la chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Wodwalayo sachitira dala.

Ambiri amadandaula za ndalama za ulendo ndi kutalika kwa mzere ku chipatala. Nzoona, koma musakhale naye pakhomo. Kufa ziwalo ndi kuiwala kumabweranso ndi sitiroko, chifuwa chachikulu cha m'msana, chindoko kapena HIV, ndipo ambiri mwa matenda amenewa ali ndi chithandizo mukafulumira. Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi. Iwo adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka. Kukafunika mudzapita ku Zomba, ngakhale ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene anaika makina a MRI ounika ubongo mu 2008.

Wodwala woiwala asapite yekha. Womperekeza akhale munthu amene amagona naye nyumba imodzi, wodziwa kuti zinayamba liti. Tengani buku la kuchipatala nthawi zonse. Ngati simunamve, funsaninso. Dokotala si mkango. Mankhwala ochiziratu multiple sclerosis sanapezeke, koma alipo ochepetsa ukali wake, ndipo mafizo amathandiza miyendo.

Pakhomo chitani izi. Kutentha kumakulitsa kufooka kwa nthendayi, ndipo inu mukudziwa dzuwa la Okutobala m'chigwa cha Shire. Wodwala agwire ntchito m'mamawa, masana apume pansi pa mtengo wa mango, asambe madzi ozizira. Msemereni ndodo yolimba. Mankhwala, machesi ndi ndalama zikhale pa malo amodzi masiku onse. Muuzeni chinthu chimodzi, amalize, ndipo mumuuze china. Musamlande ntchito zonse. Kutong'ola chimanga ndi kusenda mtedza angathe.

Mafumu ndi alangizi a zaumoyo, yenderani mabanja otere, ndipo anansi athandize kupalira munda wawo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.