Kuteteza mtima sikufuna salmon: usipa ndi chambo zikukwana, nkhani yagona pa kaphikidwe

Ngati mumatsegula Facebook kapena TikTok, mwina mwaonapo makanema a nsomba ya salmon yophika mu uvuni, akuti ndiyo ndiwo yoteteza mtima. Salmon yambiri imawetedwa m'madzi ozizira a ku Norway ndi Chile, ndipo banja la kwa Mlonyeni ku Mchinji silingaipeze pamsika. Kodi ndiye kuti mtima wanu wamanidwa? Ayi.

Vutolo ndi lenileni. Kafukufuku wa STEPS yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita ndi thandizo la WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP yokwera imalemetsa mtima, imaononga impso, ndipo imatha kudzetsa sitiroko.

Salmon imatchuka chifukwa cha mafuta ake a omega-3, omwe amathandiza mitsempha ya magazi. Usipa ndi kapenta zilinso nawo mafutawa, ndipo poti mumadya ndi minga yomwe, mumapezanso calcium. Tilinso ndi mpasa, yomwe Azungu amaitcha lake salmon. Imakwera mtsinje wa Bua, womwe umayambira ku Mchinji konkuno, kukaikira mazira, koma yachepa kwambiri moti siyofunika kuidalira.

Pomwe ambiri timalakwa ndi pamoto. Nsomba yabwino timaimiza m'mafuta omwe akazingidwa kangapo, kenako mchere wambiri, kuonjezera pa womwe uli kale mu nsomba zina zouma. WHO imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni imodzi yaing'ono, kuwerengera zakudya zonse. Popeza mafuta ophikira adadula, makamaka kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, kuwachepetsa kukupulumutsiraninso ndalama.

Uvuni simukuusowa. Mukapeza chambo kapena mlamba wauwisi, pakani mandimu, adyo ndi kamchere pang'ono, ikani tomato ndi anyezi, n'kukulunga m'tsamba la nthochi. Ikani mumphika pambaula ya moto wochepa, makala ena pachivundikiro monga mumachitira pophika chigumu. Yapsa ngati mnofu wayera mpaka mkati ndipo ukusiyana mosavuta ndi minga. Usipa wouma uviikeni m'madzi, madziwo mutaye, kenako muphike ndi tomato ndi nsinjiro m'malo mokazinga. Pambali pakhale nkhwani kapena bonongwe, ndi nsima ya mgaiwa.

Akatswiri a mtima amalangiza kudya nsomba kawiri pasabata. Komabe nsomba si mankhwala. Ngati muli kale pa mankhwala a BP, musasiye. Ngati simunayezetsepo, pitani pa chipatala cha boma la Mchinji kapena chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu, chifukwa BP imakwera mwakachetechete.