Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Abale Osamalira Oyamba Kudwala Psychosis Athandizidwe

Olemekezeka a Nduna,

Kalata ino ikunena za anthu amene mayina awo mulibe m'kaundula wa ogwira ntchito mu Unduna wa Zaumoyo, chonsecho ndiwo amasenza gawo lalikulu la chisamaliro cha odwala psychosis: amayi, azakhali, agogo ndi ena apabanja, omwe kuchipatala amatchedwa magadiyani. Psychosis ndi kusokonekera kwa maganizo komwe kumachititsa munthu kumva mawu amene ena sakuwamva, kuyankhula zosagwirizana, ndiponso kukhulupirira kwathunthu zinthu zopanda umboni, monga zakuti abale akumuthirira poizoni m'chakudya. Kawirikawiri matendawa amagwira achinyamata, pa msinkhu umene banja limayembekezera kuti mwana ayambe kudziimira payekha.

Zizindikiro zoyamba, zomwe ndi kusowa tulo, kudzipatula, kuleka kusamba ndi kubwerera m'mbuyo pa maphunziro, zimaoneka ngati ulesi kapena mwano, ndipo zikakula, ambiri amaganiza za chamba, ufiti kapena ziwanda. N'chifukwa chake banja limayamba lapita kwa sing'anga kapena kumapemphero, mbuzi ndi chimanga n'kuthera komweko, ndipo likamafika kuchipatala miyezi imakhala itapita, mwinanso zaka. Akatswiri amavomerezana kuti wodwala akakhalitsa osalandira mankhwala, kuchira kwake kumavuta. Kuchedwaku si mlandu wa abale, pakuti palibe anawaphunzitsa kuti awa ndi matenda okhala ndi chithandizo.

Chipatala chachikulu cha boma cha matenda amaganizo chili ku Zomba, pomwe a St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kotero banja la ku Nsanje kapena ku Chitipa limatsala ndi chipatala cha m'boma lawo, kumenenso ndalama yoyendera ndi yosayamba. Mayi amene wamanga mwana wake ndi chingwe nthawi zambiri sachita zimenezi mwa nkhanza, koma chifukwa choopa kuti angathawire kuthengo usiku kapena kumenyedwa ndi gulu.

Mtolo weniweni umayamba wodwala akabwerera kumudzi. Mankhwala ofala, monga chlorpromazine ndi haloperidol, amatha kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu ndi kugonetsa kwambiri, ndipo banja limene silinauzidwe kuti pali benzhexol wochepetsa ena mwa mavutowa, kapena kuti dokotala angathe kusintha mlingo, limaona ngati mankhwalawo akumupha mwana, n'kumusiyitsa. Ena amatsatira malangizo onse, koma akafika pawindo la mankhwala amauzidwa kuti atha, matenda n'kuyambiranso. Chopweteka koposa n'chakuti wosamalirayo ndi amene wodwala amayamba kumukayikira, pomwe anansi akumunena kuti anakhwimira mwana wake, munda uli wosalima chifukwa sangamusiye yekha pakhomo. Munthu wotere amasowa tulo, amafooka, ndipo si kawirikawiri kuti wina amufunse za moyo wake iye mwini.

A Nduna akupemphedwa kulamula kuti wodwala asatulutsidwe m'chipatala womusamalira asanakhale pansi ndi namwino n'kufotokozeredwa, m'chiyankhulo chake, za matendawa, za mankhwala, ndi za zizindikiro zakuti akuyambiranso. Alangizi a zaumoyo, amene amayendera kale midzi pa nkhani za katemera ndi ukhondo, aphunzitsidwe kuzindikira psychosis msanga ndi kuchezera mabanjawa, ndipo mankhwala, pamodzi ndi jakisoni wa fluphenazine amene amabayidwa pakapita masabata angapo, azipezeka mosadukiza pa zipatala zazing'ono. Dziko limene linayendera lamulo la Mental Treatment Act la 1948 kwa zaka zoposa 70 likufunika kumva kwa abale enieniwo, choncho bungwe la odwala ndi owasamalira la MeHUCA lipatsidwe mpando pokonza ndondomeko ndi bajeti. Undunawu ukambiranenso ndi oyendetsa Mtukula Pakhomo kuti khomo limene wolidyetsa wasiya ntchito pofuna kusamalira wodwala liziganiziridwa polemba mayina a olandira.