Wi-Fi ya m'maofesi ikusowa loko

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzi yathuyi za Wi-Fi ya m'maofesi muno mu Lilongwe, kuyambira ku Old Town mpaka ku City Centre, osaiwala maofesi a mipingo.

Mabwana ambiri amaganiza kuti wantchito aliyense akakhala ndi pasiwedi yakeyake, basi zatheka. Ayi ndithu. Mbava ingaimike galimoto panja n'kuyatsa kachipangizo koulutsa Wi-Fi ya dzina lofanana ndi ya ofesiyo. Foni imene sinakonzedwe kuti iziyamba yafufuza setifiketi ya makina a ofesi imangolumikizika yokha, mbava ija n'kupezerapo pasiwedi, mwiniwake osadziwa kanthu.

Anzathu akumudzi anganene kuti izi n'za m'tauni. Koma mu 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba adalowerera makina opangira mapasipoti, ndipo amene adadikira milungu yambiri anali anthu wamba. Mipata ya akuba otere ndi yambiri, Wi-Fi ndi umodzi mwa iyo.

Chonde mabwana, lamulani akatswiri anu aike setifiketiyo m'foni ndi m'kompyuta iliyonse, ndipo wantchito akachoka, akaunti yake izitsekedwa tsiku lomwelo.

Wokhudzidwa,
Area 47, Lilongwe.